Laputopu Yodziwa Kwawo

Lamulungu, 9 Malichi

Laputopu. Yanga. Ndilembenso kuti ndikhulupirire: yanga.

Achimwene abwera nayo masana ataikulunga mu jekete yawo ya kuntchito, ija yothothoka penti. Angoiika patebulo pakati pa mbale, ati, "Tenga Mlembi, usiye kutimalizira makope." Ine kukamwa yasa. Amayi jagi m'manja, madzi kutayikira pansi osazindikira. Amene anapeza mawu ndi malume okha: "Kodi si zimenezi zimaitana mphezi?"

Yakuda. Kulemera ngati njerwa. Ngodya imodzi yobenthuka. Masitika ponseponse, wa mpira, wa mtima, wa mkango m'mbalimu. Ati agula kwa mnzawo amene akusamuka. Amayi anafunsa mtengo, achimwene ati, "Zimenezo tisiyireni ife abambo a pakhomo." Amayi kuseka mpaka kukhosomola.

Ine sindinathokoze bwino. Ndinangoti "eee" ngati mbuzi. Pakamwa ndimalephera, koma papepala ayi. Ndiye zikomo achimwene. Zikomo kwambiri. Apa ndanena.

Chifukwa chake ndi kalasi ija. Madamu a ku laibulale anandisankha kuti ndilowe kalasi ya Loweruka yophunzira kulemba nkhani. Anawerenga nkhani yanga ya basi yofera pamlatho, ati ndili ndi dzanja. Ine! Koma ati makompyuta a ku laibulale ndi ochepa, anagawa kale, otsalafe tizibwera ndi zathu. Mlungu wonse wathawu ndimalira kuchipinda, ndimayesa palibe akundimva. Kani khoma lathuli ndi lopyapyala chonchi.

Kalasi iyamba Loweruka likubwerali. Ndalembamo kale dzina langa kangapo, ndi zilembo zikuluzikulu. Kenako ndafufuta, manyazi.

Lolemba, 10 Malichi

Ndauza Madamu poweruka. Anasangalala. Kenako funso: "Koma ili ndi wayalesi? Ngati ilibe usavutike n'kuinyamula, nkhani zonse tizitumizirana pamenepo." Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Sindinamve.

Wayilesi? M'kompyuta? Nkhani zathu tiziulutsa?

Kufika kunyumba ndafunsa malume, poti eni ake a mawayilesi ndi iwo, anakonzapo ambirimbiri maso asanayambe kuwavuta. Chimwemwe chake! Kuvala magalasi onse awiri, ena pamwamba pa anzake. Kuitembenuza uku ndi uku. Kuinunkhiza, zoona. Ati, "Sipika ilipo, ndaiona. Pali sipika, wayilesi siili kutali. Chasowa ndi eliyo."

Anaongola waya wa hang'ala ya amayi n'kuulowetsa pa kabowo ka m'mbali. Ine magazi kuuma. Amayi ali pakhomo ndi mpeni wa anyezi, kuwachenjeza malume: "Achimwene, mukaiphulitsa imeneyo mwanayu alira mpaka chaka chamawa." Malume ati tikhale chete. Tinakhaladi chete, tonse atatu, makutu pa laputopu. Kumveka kuti fuuuu. Malume ati, "Mwamva? Ikusaka siteshoni."

Inasaka mpaka tiyi anazizira. Palibe nyimbo, palibe munthu.

Malume anakwera pampando kuti waya ufike pazenera. Palibebe. Mapeto ake ati vuto ndi malata athu.

Ndiye ilibe. Mphatso yoyamba yaikulu pa moyo wanga, ilibe wayilesi.

Lachiwiri, 11 Malichi

Nthaka ikanang'ambika ndikanalowa ndi nsapato zomwe.

Ndinapita kwa Madamu, anthu a kalasi ija ali pomwepo kulembetsa maina. Ndinakonzekera mawu panjira kuti ndisachite chibwibwi. Ndipo sindinachitedi. Ndinanena momveka bwino, mwina koyamba chibadwire: "Madamu, ilibe. Tinayesa ndi waya, sinagwire siteshoni ngakhale imodzi."

Zii. Kenako chiphokoso. Mnyamata wina mpaka kugona patebulo. Belu, mnzanga wa pa desiki, uja timamutcha Belu chifukwa pakamwa pake pakayamba kulira sipasiya, misozi ya kuseka mbwembwembwe: "Iwe! Mumadikira zigoli za mpira?"

Kani wayalesi ya Madamu ndi wayifayi. Intaneti yopanda chingwe. Chinthu choti ndimachidziwa bwinobwino pa foni ya anthu! Madamu anabisa pakamwa ndi buku, ati kulakwa ndi kwawo, amalankhula zachikale. Koma mapewa awo amagwedera, ndinawaona.

Pa buleki Belu anandijambulira pachikhatho ndi bolopeni. Timizere topindika tosanjikizana, kadontho pansi. Ati ndikayang'ane pa ngodya ya kumunsi, dzanja lamanja. "Tikakhalapo timeneti ndiye kuti ilipo. Ndipo malume ako uwabisire mahang'ala." Tinagawana buledi wanga. Masiku ano sabwera ndi kanthu, chichotsedwere bambo ake pa ulonda. Ndi nkhani yokhayo imene Belu saiyankhula, ndipo ine sindifunsa.

Kunyumba ndayang'ana. Timizere palibe. Pali kandege. Kandege kakang'ono koyera, kangoima.

Achimwene atabwera ndinawafotokozera zonse ali pampopi kutsuka penti m'manja. Za wayayo anaseka mpaka kugwira khoma. Nditangotchula wayifayi, kuseka kunathera panjira. Ati, "Ilibe. Ndi yakalekale imeneyo. Uzingolembera basi." Kenako: "Ndipo usamayende nayo, akulanda."

Ndinati nanga kalasi? Ati, "Olemba akale anali ndi wayifayi?"

Sopo anagwera m'ngalande, sanamutole.

Lachitatu, 12 Malichi

Ndachita chinthu. Ndaibisa laputopu m'chikwama cha kusukulu, pakati pa buku la masamu ndi juzi. Phewa likuwawa mpaka pano.

Kuseri kwa msika kuli bambo wina wokonza mafoni, amamutcha Dokotala. Kashopu kake ngati bafa, mafoni akufa ali mulu m'katoni ya sopo. Ndinaima panja nthawi yaitali kunamizira kuwerenga zomata pakhoma. Mpaka iwo eni: "Mwana wasukulu, ukudwala ndiwe kapena chili m'chikwamacho?"

Ndinaonetsa kandege. Ati, "Ndege imeneyi ndiye yatseka msewu. Winawake anaizimitsa." Anadina mabatani apamwamba, osatheka. Anayendetsa chala m'mbali monse ngati akusaka nsabwe. Chinaima pa mkango. Anamatula sitikayo ndi chikhadabo.

Pansi pake kabatani. Kakang'ono ngati njere ya mpunga. Anakakankha, thwa. Kagetsi kabuluu kuyaka. Kandege zii. Timizere ta Belu tija mbee pa ngodya!

Ndinakuwa. Ine, pamsika, kukuwa.

Ndiye panatuluka maina a mawayifayi a anthu ozungulira. Ina dzina lake Gulayako. Ina Usandipemphe. Ina Mkaziwanga Akudziwa. Dokotala ati imeneyo ndi ya wometa tsitsi, ndisafunse zambiri. Zonse zili ndi kaloko. Ati popanda pasiwedi sungalowe, olo ugwade.

Za ndalama ndinayamba kupepesa, anandidula. Ati kumatula sitika salipiritsa. Koma anafunsa akuyang'ana kamkango kali kuchala: "Anamata apa ndani? Anamatatu dala, si malo omata sitika awa." Ndinati mwina mwini wake wakale. Ati mwina.

Ilipo. ILIPO. Achimwene sakudziwa kuti anagula chabwino kuposa mmene akuganizira. Sindiwauza lero, angakalipe kuti ndinayenda nayo. Ndidzawauza Loweruka ndikadzabwera ku kalasi, ndidzawaonetse nkhani yanga itayenda m'mlengalenga popanda chingwe.

Malume akadali okhumudwa. Ati wayilesi yosalankhula ndi bodza la azungu.

Lachinayi, 13 Malichi

Ndimafuna kutsimikiza Loweruka lisanafike, ndisakachitenso manyazi pagulu. Poweruka ndapita ku laibulale. Sindinalowe. Madamu anali ndi alendo mu ofesi, komanso ndikanayamba bwanji, ine wa siteshoni uja? Ndinakhala pa benchi ya kuseri, pansi pa zenera la ofesi, poti kulibe anthu. Cholinga kungoona ngati dzina la wayifayi ya laibulale lituluke.

Kutsegula. Kudikira. Timizere tonse kudzaza, kuyera mbee.

Sinafunse kanthu. Palibe kaloko, palibe pasiwedi. Yangolowa yokha ngati mwana wa pakhomo.

Ndinayesa maso anga. Ndinalemba mawu oti "mlatho" pofufuzira paja, zithunzi za milatho kubwera mbwee, ina yaitali kudutsa nyanja. Ndinalemba "mmene amalembera nkhani". Masamba ndi masamba. Kenako inayamba yokha kulira timabelu, ting'i ting'i, timauthenga tachizungu kutulukira pa ngodya, ngati munthu wabwera kuulendo aliyense akumulonjera. Ndinatsitsa mawu msanga.

Dokotala anati olo ugwade. Ine sindinagwade n'komwe!

Mwina Madamu anatsegulira ife a kalasi. Mwina yanga ndi yamphamvu basi. Ndabwerera kunyumba ndikuyenda ngati bwana. Amayi ati, "Watola chiyani?" Ndati palibe. Ati palibe sasekereretsa munthu chonchi, ndipo ngati ali mnyamata andithyola miyendo.

Mawa Belu aziona.

Lachisanu, 14 Malichi

Sindikudziwa polembera.

Ndinamuuza Belu pa buleki, modzitama. Kuti yanga simafunsa pasiwedi, imangolowa. Anaseka buledi ali m'kamwa. Ati, "Bodza lako ndi losapsa. Pasiwedi amalemba okha Madamu, ndipo amakuuza utembenuke. Zimalowa zokha ndi za pa laibulale pomwepo basi, zija anazilembera kale."

Ndinati mwina inaiwalika yosakhoma. Ati ayi, dzulo lomwelo iye analephera pa foni ya msuweni wake.

Kenako anasiya kutafuna. Anayamba yekha, osafunsidwa. Ati mwa za pa laibulalezo imodzi inasowa pa holide, nthawi imene ankapenta. Makiyi anali ndi bambo ake. Ndiye anawaitana mu ofesi, kuwafunsa ngati mwana, kuwauza asabwerenso. "Bambo anga oti akatola bolopeni pansi amayenda nayo kalasi ndi kalasi." Ati apolisi anabwera kunyumba kwawo kudzatembenuza matilesi, aneba ali pampanda kuonerera.

Ndiye anati, "Ndimaidziwa ine laputopuyo. Yakuda, yobenthuka ngodya. Ndinaigwetsa ndine chaka chatha, Madamu anandikhululukira."

Buledi anandiuma m'kamwa. Ndinati ndimanama, sinalowe, ndimangofuna kumuona nkhope. Anandimenya paphewa: "Waphunzira nthabwala iwe, kalasi isanayambe n'komwe."

Poweruka ndinathamangira kwa Dokotala. Popanda laputopu. Ndinafunsa ngati za munthu wina: kodi kompyuta ingalowe yokha pamalo pomwe sinafikepo? Ati, "Ayi. Ili ngati galu imeneyo. Imagwedeza mchira pakhomo pomwe inadyapo." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Sanafunse. Bola akanafunsa.

Nthawi imene ankapenta.

Makoma a laibulale ndi abuluu. Ndimawaona tsiku ndi tsiku.

Loweruka, 15 Malichi

Sindinapite. Ndauza amayi kuti m'mimba. Andiphikira phala, andisisita pamsana. Ndadya lonse ngati wakuba.

Lamulungu, 16 Malichi

Tsiku lochapa. Thalauza ya achimwene ya kuntchito ili ndi mitundu yonse ya nyumba zimene anapentapo. Yoyera, yachikasu, yofiirira ya ku sitolo ya matayala. Pabondo lamanzere buluu. Ndinatikita mpaka zala kusupuka, kaya ndimafuna chiyani.

Ndikukumbuka tsopano. Pa holide ankabwera madzulo n'kumati, "Mlembi, ndakupentera nyumba ya mabuku ako, ukanunkhize." Ndinkanyada. Ndinauza ngakhale Belu.

Komabe. Opentawo analipo angapo. Mwina anatenga ndi wina, n'kuwagulitsa achimwene osadziwa. Mnzawo wosamuka uja. Zimachitika. Zimachitika ndithu.

Nanga mkango?

Nanga "usamayende nayo"?

Onse atapita kukaona odwala ndinaitembenuza laputopu. Sitika ya mtima ili pansi, malo oti palibe angaione. Ndinakweza kangodya kokha. Pansi pake pokalikakalika, ngati ndi msomali. Panali zolemba za penti yoyera, wina anazipala. Kwatsala chilembo chimodzi ndi theka. Ndinabwezeretsa mtimawo, sukumatanso bwino.

Awa ndi achimwene amene ankandiberekera kusukulu mvula ikagwa. Amene anasiya sukulu bambo atamwalira. Amene amachotsa nyama m'mbale mwawo n'kuponya mwanga amayi akayang'ana kumbali. Ndalemba zonsezi kuti ndione ngati zingafafanize chinacho. Sizikufafaniza. Zangokhala pambali pake.

Laputopu ili pansi pa bedi. Kabatani ndazimitsa. Komabe ndikagona ndimaimva kuti ilipo.

Lachiwiri, 18 Malichi

Madamu anandiimitsa pa geti. Ati anandidikira Loweruka, mpando wanga unali wokhawo wopanda munthu. Ati pali ena ambiri akufuna malowo, ndikajombanso apereka. Kenako motsitsa: "Ngati ndi za siteshoni zija, aliyense waiwala." Ine maso pa nsapato zawo. Kuseri kwawo khoma lonse buluu.

Madzulo Belu kutulukira kunyumba! Sanabwerepo chiyambire chaka. Ati wandibweretsera zimene anaphunzira, anakopera kawiri, zake ndi zanga. Ndi dzanja lake loipa lija.

Amayi kumulandira ngati mlendo wa kutali. Ndiye: "Muonetse mnzako makina aja! Anamugulira mchimwene wake. Mwana wanga wamwamuna ameneyo, mayi. Ena ana awo amawabweretsera mavuto." Belu kuwomba m'manja: "Eya, tiione yosagwira siteshoniyo!"

Ndinaima pakhomo la chipinda ngati chitseko. Ndinati batire yatha. Belu ati angoiona kunja kokha. Ndinati achimwene anaitenga. Malume ali pakona: "Aitenga liti? Si ili pansi pa bedi, ndimaifuna dzulo ndiyesere waya wina wakopa?"

Ndinafuna kufa.

Belu anandiyang'ana, kumwetulira kukuchepa pang'onopang'ono. Ati, "Usadandaule, sindikanaigwetsa." Akuganiza kuti ndikumumana. Kuti ndayamba matama. Bola aganize zimenezo, Mulungu wanga, bola zimenezo.

Ndinamuperekeza mpaka pamsewu waukulu. Tinakumana ndi bambo ake akukankha wilibala ya njerwa za eni ake, malaya onse thukuta. Munthu wamkulu ngati uja. Anaima, kuvula chipewa, kundipatsa moni ine mwana: "Amayi olemba mabuku! Mwana wangayu amakutchulani tsiku lililonse. Mudzatilembeko ifenso."

Ndinati chabwino bambo.

Chabwino bambo! Pakamwa pangapa.

Lachinayi, 20 Malichi

Ndawafunsa.

Amayi anali kumsika, malume atagona pampando. Achimwene anaweruka msanga, anali kuseri kutsuka mabulashi m'chitini. Ndinabwera nayo n'kuiika pa njerwa patsogolo pawo, mbali ya kabatani kuloza iwo. Sindinakonzekere mawu. Ndinangoti, "Ku laibulale imalowa yokha."

Sanafunse kuti chiyani. Ndi pamene ndinadziwiratu. Anangoti, "Wamatula ndani?"

Kenako zambiri, motsitsa, maso ku zenera la malume. Ati inali pansi pa nsalu zimene anaphimbira mashelefu, ngati yoiwalika. Ati bwana wa ntchitoyo anawazungulitsa malipiro, mutu unawatentha. Ati anaisungitsa kwa mnzawo kuti adzagulitse, koma mtima sumalola, kubweza kunali kosatheka. "Ndiye ndinakumva ukulira, Mlembi. Usiku ndi usiku. Ndikanatani?"

Ndiye ndi chifukwa cha ine? Misozi yanga?

Za mlonda ati anamva mochedwa. Ati ankayesa angowakalipira basi.

Ati, "Mvera. Zimitsa kabataniko, umatenso, uzilembera m'nyumba muno. Kalasi idzabweranso ina. Apo ayi ndikaiponye m'chimbudzi, ithe." Anagwira mkono wanga, manja onse tinala wotsukira penti: "Ukatsegula pakamwa ndikagona kupolisi. Ukumva? Ndiye amayi adya chiyani? Malume mankhwala a maso awagulira ndani?"

Ndipo pakamwa panga, pamene pamakana ngakhale kunena zikomo, panatseguka pokha. "Nanga Belu akudya chiyani?"

Anandisiya mkono. Sanandimenyepo chibadwire, koma ndinatseka maso. Nditatsegula anali atakhala pa chitini, mutu pansi, bulashi ikudonthezera pa nsapato.

Ati, "Ndimayesa ndakugulira chisangalalo." Kenako anaseka koipa: "Kugula."

Sanadye nafe. Amayi ati kapena malungo.

Lachisanu, 21 Malichi

Achimwene anachoka ndisanadzuke. Tsiku lonse kusukulu sindinamve kanthu. Belu akundiyankha mwaulemu, ngati mlendo. Buledi wakana, ati wadya kale. Mimba yake ndimaimva kulira pa masamu.

Ndayesa kupeka. Poti amati ndili ndi dzanja.

Yoyamba: ndinaitola m'tchire kuseri kwa msika. Madamu adzafunsa kuti bwanji ndinati ndi mphatso.

Yachiwiri: ndikaisiye pakhomo la laibulale m'mawa, ndithawe. Ndiye adzati bambo a Belu achita mantha abweza. Kuipiraipira.

Yachitatu: achimwene anagula kwa munthu wosamudziwa pa siteji ya basi. Iyi ikumveka bwino. Ndinaikonza, munthuyo ndinamuveka chipewa chofiira ndi chipsera pachibwano. Kuwerenganso ndinachita mantha ndi mmene ikukomera. Kani dzanja lija ndi lomweli? Ndipo mlonda adzakhalabe wakuba, kungoti wogulitsa kwa wachipewa.

Ndang'amba zonse.

Ndikapita nayo, achimwene. Ndikapanda kupita nayo, bambo a Belu mpaka kalekale, ndi wilibala. Za malo anga m'kalasi ndaona kuti sindikuziganiziranso, ndipo ndadabwa.

Amayi andisitira bulauzi yoyera. Ati mawa olo m'mimba mubwere ndi abale ake, ndipita. "Mchimwene wako asavutikire pachabe." Ndinawayang'ana msana akusita, akuimba pansipansi. Sakudziwa kanthu. M'nyumba muno aliyense ndimamukonda ndipo mawa ndiwaphwanyira.

Ndaiika m'chikwama. Kabatani ndayatsa.

Achimwene abwera kukuda, angodutsa. Chikwama chili pampando anachiona. Ndikudziwa anachiona.

Loweruka, 22 Malichi

Ndikulemba pa benchi ya kuseri, pa bondo.

Ndinadzuka ndikuyembekeza kupeza chikwama chopanda kanthu. Inalimo. Achimwene kulibe, bedi loyalidwa. Ndinati basi athawa, ndipo ndinakwiya, ndiponso ndinapuma.

Pa ngodya ya sitolo ya matayala ndinatsala pang'ono kubwerera.

Kufika pa geti la laibulale, achimwene ali pomwepo. Atatsamira chipilala. Malaya oyera a kutchalitchi, nsapato zopolisha, ndevu atameta mpaka kudzicheka. Sindinawaonepo chonchi tsiku la ntchito. Ndinaganiza kuti abwera kudzandilanda. Ndinakumbatira chikwama ndi manja onse, ndinati ndikuwa.

Anatambasula dzanja. Ati, "Bweretsa." Ndinakana ndi mutu.

Ati, "Bweretsa, Mlembi. Ndinaitulutsa ndine. Sungailowetse iwe."

Ndinawapatsa. Kaya ndinachita bwino, panthawiyo sindinadziwe, akanatha kungotembenuka n'kumapita. Anaitulutsa m'chikwama, chikwamacho n'kundibwezera. Anamatula mpira, anamatula mtima, kuika m'thumba la malaya. Anandipatsa makiyi a kunyumba ndi foni yawo. Ati, "Ndikachedwa, amayi ukawauze ndiwe. Uli ndi mawu iwe." Achimwene anga.

Anakwera masitepe ataigwira poyera, osabisa. Anagogoda. Ndinamva Madamu akuti "Lowani," mosangalala, mmene amanenera kwa aliyense.

Chitseko chatsekedwa. Zenera lili pamwamba pa mutu wangapa koma sindikumva mawu, achimwene okha pansipansi, osalekeza. Madamu sanayankhulebe. Kamodzi mpando unakhwekhwereza.

A kalasi ayamba kufika. Mnyamata woseka uja wadutsa, ati, "Siteshoni yagwira lero?"

Foni ya achimwene ikulira m'manja mwanga. Amayi.

Ndipo uyo Belu pa geti. Wandiona. Waima kaye, kenako wakweza dzanja pang'ono, akubwera kuno. Sakudziwa chilichonse. Ndisunthe chikwama akhale. Ndiyambira pati, ndiyambira pa